Anatuluka Osabwerera

A Goliati a ku Chiringa anali munthu wosavuta pa zonse kupatula nyimbo. Ndiwo zikachepa mchere ankadya osadandaula, njinga ikaphulika tayala ankaikankha akuimba mluzu, koma wina angoyerekeza kukhudza nyimbo yawo, eee, mumaona Goliati wina. Akazi awo, mayi Aliness, ankati anakwatiwa pamitala ndipo mkazi wamkulu ndi kwaya. Ankanena moseka, pakuti iwonso ankaimba m'kwaya ya mpingo yomweyo kuyambira ali mtsikana.

Chaka chimenecho a Goliati anapeka sewero la nyimbo lonena za makolo awo, Alomwe amene anathawa ntchito yokakamiza ku Mozambique n'kudzakhala kuno. Analipeka kumunda, akupalira nandolo, mpaka oyandikana nawo minda ankati bambowa mutu wayamba kusokonekera. Kukolola kutatha, kwaya inayamba kulionetsa mu holo ya mpingo Loweruka lililonse masana, ndipo anthu ankabwera panjinga kuchokera ku Nazombe ndi ku Kaduya. Sewerolo linkathera pamene makolo aja akumanga akatundu kuti anyamuke. Zikafika pamenepo ochita sewero ankatula mitolo, n'kuima pamzere, anthu n'kuwaombera m'manja.

Loweruka lotsekera, komiti ya mpingo inaitana mlendo wolemekezeka, a Malumbo, bwana wa ofesi ina kuboma, munthu wa kumpoto. A Lingson, wapampando wa komitiyo, anali atamva kuti bwanayu akasangalala akhoza kuthandiza kuti sewero likaonetsedwe ku Blantyre. Anafotokozera a Goliati mobwerezabwereza kuti nyimbo yomaliza ikangotha, kwaya ikhale pansi, bwana alankhule. A Goliati anangogwedeza mutu. Mayi Aliness ankaudziwa kagwedezedwe kameneko, ndipo mtima wawo sunakhazikike, chifukwa amuna awo anali ataphunzitsa kwaya nyimbo ina yatsopano ya Chilomwe kuseri kwa nyumba, pansi pa mango.

Tsikulo holo inadzaza mpaka ana kukhala m'mawindo. Sewero litafika pomanga akatundu paja, ng'oma inasintha kulira, nyimbo yatsopano ija inayamba motsitsa, ndipo mitolo sinatulidwe. Mayi Aliness, amene anali patsogolo atasenza mphasa ndi dengu, anatsika pansanja monga anauzidwira, anadutsa pakati pa mabenchi, ena onse akuwatsatira, n'kutuluka pakhomo.

Tsonotu kwathu kuno munthu wa paulendo sachoka yekha. Amaperekezedwa, ndipo wosenza katundu amalandiridwa. Mayi wina wachikulire wa ku Nazombe anadzuka misozi ili mbwembwembwe, anathamangira mayi Aliness n'kuwalandira dengu lija ngati ulendowo ndi weniweni. Basitu zinathera pomwepo. Benchi ndi benchi anthu anadzuka, ana analumpha m'mawindo, gulu lonse linalowa mumsewu likuimba mpaka kumsika. Akabaza anaimika njinga zawo, ogulitsa tomato anasiya malonda n'kulowa nawo m'gulumo. Mayi Aliness anaimba mpaka mawu kusasa, thupi lonse lili tsembwe. Mu holo munatsala a Malumbo, pepala la sipitchi lili m'manja, ndi a Lingson pambali pawo, thukuta lili kamukamu.

Bwana uja anakwera galimoto osatsanzika, ndipo za ku Blantyre zinafera pomwepo.

Nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa pamjigo, kuchigayo, ngakhale pamaliro. Ena ankati chiyambire Chiringa sanaonepo sewero lotha bwino chonchija. Ena ankati a Goliati achititsa manyazi mpingo wonse, mlendo ndi mame, sasiyidwa yekha ngati mbuzi yomangirira pamtengo. Achinyamata a m'kwaya, amene anali atayamba kale kubwereka nsapato zokavala ku Blantyre, anakwiya zenizeni, ena mpaka kusiya kupereka moni. Mayi Aliness atawafunsa amuna awo ngati ankadziwa kuti anthu adzatsatira, iwo anayankha kuti anthu akwawo amawadziwa. Apo mayiwo anapsa mtima. Anawauza kuti kuuma mutu kumeneku kuwalanditsa kwaya imene anaiyambitsa okha, ndipo munthu wosiyidwa wopanda kwaya ngati iwowo adzafota ngati therere. Anawachonderera kuti komiti ikawaitana akangovomera zonse.

Komiti inawaitanadi, kwaya yonse ilipo. A Lingson sanazungulire. Anati sewero lichitikenso, bwana aitanidwenso, ndipo ngati a Goliati akufunitsitsa kuti anthu awo atuluke, atuluke, koma azungulire holo, alowere khomo lakumbuyo, akhale pansi amve sipitchi. Apo ayi, kwaya aipereke kwa a Jonathan, mphunzitsi wa papulayimale amene ankaimba besi.

Mayi Aliness anawayang'ana amuna awo mowapempha. A Goliati anaimirira, chipewa chili m'manja. Anavomera kuti kusiya mlendo yekha kunali kulakwa, ndipo anati apalasa njinga okha kukapepesa kuboma. 

"Koma zobwerera ayi, a Lingson," anatero mofatsa. "Agogo anu ndi agogo anga atatuluka m'mudzi mwawo muja sanabwerere. Manda awo ali kuno. Ine ndiwabweze kuti adzamvere sipitchi?"

 A Lingson anayang'ana pansi kwa kanthawi, pakuti nawonso ndi mdzukulu wa anthu omwe aja, koma mawu anali atatuluka kale pamaso pa anthu, ndipo wapampando sameza malovu ake. Komiti inagamula kuti kwaya ipite kwa a Jonathan. Chodabwitsa n'chakuti mayi Aliness, amene anabwera akupempherera kuti amuna awo agonje, anapezeka atakweza mutu, mtima ukugunda ndi kunyada kosati n'kubisa. Pobwerera anakhala pakaliyala pa njinga, ndipo anawagwira amuna awo m'chiuno msewu wonse, zimene anasiya kalekale poopa maso a anthu.

Kuboma a Goliati anapitadi. A Malumbo anawalandira ataimirira, anati palibe kanthu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu lotsatira ndilo linali lowawa. Chikwatirane, mayi Aliness anali asanawaonepo amuna awo m'tchalitchi atakhala pabenchi la azibambo. Nthawi zonse ankaima kutsogolo, manja ali m'mwamba, nsidze zikulamula kwaya. Lero anali pakati pa anzawo olima nandolo, jekete lawo lotuwa lija atalisita bwinobwino, manja atawapanikiza pakati pa mawondo ngati angawathawe. Mayi Aliness anawamvera chisoni kwambiri.

A Jonathan anaima kutsogolo kwa kwaya, pepala la nyimbo lili m'manja. Munthu wosalakwa, udindo sanaupemphe. Anapereka mawu oyambira, koma chifukwa cha mantha anawakweza kwambiri, kumwamba kwenikweni kumene ngakhale atsikana sakanafika osatsamwa. Kwaya inayamba, inagwedera, amayi ena anasiya, kumbuyo kunamveka kuseka kwa anyamata. Ndiye mwachizolowezi maso onse, a kwaya ndi a mpingo womwe, anatembenukira kwa a Goliati. Zinali zosavuta. Akanangong'ung'udza mawu oyenera kamodzi kokha, kwaya yonse ikanawatsatira, ndipo aliyense akanadziwa mwini kwaya ndani. Mayi Aliness, kunena zoona, ankafuna atatero, a Lingson aone.

A Goliati sanayang'ane munthu wina aliyense koma a Jonathan. Anaimirira, anakoka mpweya, n'kuilowa nyimboyo pamwamba pomwepo pamene mphunzitsiyo anaiyambira. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mawu awo achikulire akung'ambika, koma sanatsike ngakhale pang'ono, ndipo maso anali pa dzanja la a Jonathan, kutsatira kulikonse kumene likupita. Azibambo a pabenchi lawo anaimirira nawo. A Jonathan analimba mtima n'kupitiriza kulamula kwaya.

Mayi Aliness anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anagunda mnzawo wa pambali ndi chigongono kuti ayambenso kuimba, ndipo anakweza mawu kufika pamene anali asanafikepo chibadwire.