Maliro a Lodi ku Highfield

Mu Highfield monse, lokeshoni ya anthu akuda ku Rhodesia imene eni ake ankangoitchula kuti Fiyo, panalibe wosadziwa mbiri ya Lodi Glencarrow, ngakhale kuti amene anamuonapo ndi maso anali a Zakaria Mbewe okha, khukhi wake wakale. Ukangowapatsa moni pa sitolo, basi waiputa nkhani. Ankakuuza kuti Lodiyo anabadwira ku Scotland m'chinyumba cha miyala chozizira ngati mtsuko, ndipo analowa m'nyumba ya malamulo ku London popanda womuvotera, poti mpandowo unali wa pamtundu. Anakhalaponso nduna yaing'ono yoona za nsomba, mpaka tsiku limene anaimirira n'kudzudzula boma lake lomwe, mawa lake ntchito n'kutha. Atabwera ku Rhodesia analima fodya, fodya n'kukana. Anaima pa chisankho, azungu anzake n'kumukana. Boma la azungu litadzilengezera lokha ufulu mu 1965, iye analemba m'nyuzipepala kuti kumeneko n'kuba, ndipo kuyambira pamenepo ku kalabu anasiya kumupatsa moni. Pa ndale, kunena zoona, munthuyu sanapambanepo chilichonse, koma a Zakaria ankasimba kugwa kwake kulikonse monyadira.

Lodi anamwalira m'nyengo yozizira ya 1977, nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda ili pakati. A Zakaria atapita kukapepesa anapeza Dona, mkazi wa malemuyo, ali yekha pakhonde ndi galu. Panalibe woimba, panalibe moto, panalibe ndi mmodzi yemwe wodzagona pamaliro. Mtima unawapweteka kwambiri. Munthu amene anamuphikira phala zaka zonsezo apite ngati nkhuku yofa ndi chitopa? Anapempha Dona kuti Loweruka abweretse maliro ku Highfield, anthu akawalire mwa chikwathu. Dona anavomera misozi ikulengeza. Sanafunsane zambiri, poti aliyense ankaganiza kuti maliro ndi maliro.

Vuto linali ku bungwe la maliro la Amalawi. Wapampando, a Lawson Chirwa, anali munthu wosakhulupirira chimene sanachigwire ndi manja.

"A Mbewe, apolisi akaona gulu masiku ano amati ndi msonkhano wa magandanga, anyamata a nkhondo a kutchire aja. Tidzawauza chiyani?"

"Tidzati ndi maliro."

"A mzungu? Mu Fiyo muno? Nanga thupi likapanda kubwera?"

A Zakaria magazi anathamanga. "Likapanda kubwera, pa maliro anga musadzabwere ndi mmodzi yemwe."

Kwa munthu wokalambira kuchilendo, amene abale ake ndi bungwe lomwelo, mawu amenewo si ocheza. Mkazi wa a Zakaria, mayi Effie, atamva anagwira m'chiuno. "Mwabetcha maliro anu chifukwa cha munthu amene ankakuitanani ndi belu?"

Loweruka m'mawa zonse zinali m'malo mwake. Mipando anaitulutsa m'chipinda chochezera, pansi n'kuyala mphasa. Amayi a mvano anavala zoyera zawo. A Lawson anasankha amuna asanu ndi mmodzi a mapewa otakata, chifukwa a Zakaria anali atachenjeza kuti malemuyo anali wamtali ngati chitseko ndipo sankaseweretsa nyama. Chitseko chenichenicho anachizula kuti bokosi lidutse bwino. Dzuwa linakwera, nyimbo zinatha n'kuyambidwanso, ndipo a Zakaria ankangoyang'ana kumsewu.

Chakumasana kunatulukira kagalimoto kobiriwira. Amayi anayamba kulira mokweza, amuna aja n'kuthamangira kumbuyo kwa galimoto. Atatsegula anapezamo tayala ndi jeke. Dona anatsika, natsegula chikwama chake cha m'manja, natulutsa kamtsuko kachitsulo konga koikamo masamba a tiyi.

"Ndi uyu, Zakaria," anatero m'Chingerezi. "Tinawotcha thupi Lachinayi. Ndi mmene ankafunira."

Kulira kunaduka pakati. Mayi wina anafunsa chapansipansi ngati mzunguyo anali mfiti. A Zakaria analandira kamtsukoko ndi manja awiri. Ankadziwa kuti maso onse ali pa a Lawson, ndipo kuti funso ndi limodzi: kodi ili ndi thupi?

A Lawson anakayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso Dona, amene anaima yekha pafumbi atagwira chikwama chopanda kanthu, ali ndi manyazi ngati mwana wobwera pa ukwati wosaitanidwa. Kenaka anavula chipewa.

"Tengani chitseko chija," anauza anyamata. "Maliro salowa m'nyumba pamanja."

Ndiye Lodi Glencarrow analowa m'nyumba ya a Mbewe atakhala pakati pa chitseko, atanyamulidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi oyenda pang'onopang'ono kuti angagubuduke. Amayi anayambiranso kulira, ndipo tsopano analira zenizeni, poti Dona nayenso anali atayamba. A Zakaria ananena mbiri ya malemu yonse, kuyambira pa nsomba, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe amene anawathawa.

Mwambo utatha, a Lawson anawagwira paphewa. "Mwapulumuka, a Mbewe. Pa anu tidzabwera tonse. Ku manda a ku Warren Hills si kutali."

Kenaka a Lawson anafunsa Dona kuti manda ali kuti, anthu aperekeze. Dona anati manda kulibe. Lolemba akwera ndege yodzera ku Joni, akamwaze phulusalo paphiri la kwawo kwa mwamuna wake, pamene ankasewera ali mwana.

A Zakaria anamasulirira anthu mawuwo. Iwo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo phiri la kwawo anali asanalionenso. Anayang'ana Dona akubwezera kamtsuko m'chikwama, pambali pa mpango ndi makiyi.

"Madamu," anatero akuyesa kumwetulira, "m'chikwamamo malo atsalako?"

Panalibe amene anaseka.