Dzina Losowa pa Mbale

Tsiku loyamba kujambula filimu timalemba mayina a tonse pa mbale yadothi, wotsogolera n'kuiswa pa mwendo wa kamera, aliyense n'kutola phale lake. Wolemba mayinawo ndinali ine, ndipo m'mawa umenewo mtima sunali m'malo.

Filimuyo inali ya m'masiku a mafumu athu, ndipo tinkajambulira pabwalo la nyumba yachifumu yakale kunja kwa mzinda wa Peterburg, chipale chofewa chili mbee. A Gleb Matveyevich, nkhalamba imene inasunga ndevu chaka chathunthu kuti isewere ngati kazembe wa nkhondo, anali atavala kale malaya a kazembeyo, akungoyenda uku ndi uku. Sankadziwa kuti dzulo lake wotsogolera filimu, a Arkadi Lvovich, anachotsa gawo lawo lonse. Ine anandilamula kuti dzina la a Gleb ndisalembe, koma kuuza mwiniwake anachita mantha, munthu wamkulu ndithu.

"Varya, mwana wanga, wandiika pati?" anandifunsa a Gleb. "Pakati, kapena m'mphepete ngati katsabola wokongoletsa chakudya?"

"Inki sinaume," ndinanama, mbale ili kumbuyo.

Ndinathamangira kwa a Arkadi. "Auzeni, chonde!"

"Ndikamwa tiyi."

"Tiyi mwamwa katatu!"

"Iwe, dzuwa la Disembala silidikira munthu. Bwera nayo mbaleyo."

Tinazungulira kamera, tikupondaponda ndi kuzizira. A Arkadi atangokweza mbale, a Gleb anatambasula dzanja.

"Taima kaye, Arkadi. Ndione dzina limene lagundana ndi langa."

Anaitembenuza pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga. Atafika pomwe anayambira, anavala magalasi n'kuyambiranso. Amene ankadziwa anayang'ana pansi. Ine manyazi anandigwira, ndi ukali womwe, moti ndinalakalaka kumenyetsa mbaleyo pa dazi la a Arkadi.

A Gleb anaibweza ndi manja awiri. "Umenye mwamphamvu. Ikapanda kusweka kamodzi, ndi tsoka kwa anawa."

Mbale ija phwaa! Wina anawomba m'manja kawiri n'kuleka. Anthu anatola mapale awo mwakachetechete, ngati akuba. Ine ndinatenga langa n'kuwapatsa a Gleb, koma anapinda zala zanga n'kundibwezera.

"Ayi, Varya. Phale ndi la munthu amene adzafike kumapeto a filimu." Anayamba kumasula batani la pakhosi. "Ungondionetsa kokasiya malayawa."