Mmene Aphunzitsi a Kwaya Anapezeranso Mawu

Aphunzitsi a kwaya anagwa Lachinayi masana, ali m'kati mophunzitsa nyimbo. Dzanja lamanja limene ankaimbitsira linangoti lende, pakamwa n'kupotoka, ndipo pamene ankatsitsimuka anali m'chipatala, pa bedi la pafupi ndi zenera. Dokotala anati ndi sitiroko. Mwendo unkasunthako, koma kulankhula kunali kutapita. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankati akatsokomola kwaya yonse n'kuimirira, tsopano kupempha madzi kunkamukanika. Mawu ankabwera bwinobwino m'mutu, akafika pa lilime n'kusanduka "ba, ba".

Akazi awo ankabwera ndi Baibulo, abusa ankabwera ndi mapemphero, iwo ankangotembenukira kukhoma. Mumtima munali funso limodzi: Ambuye, mwa zonse zimene mukanatenga, mwatengeranji chimene ndinkakutumikirani nacho?

Pa bedi loyandikana nalo panagona bambo wina wa ndevu zoyera amene anathyoka mwendo atagwa pa njinga. Anali telala, komanso ndi amene ankaitanira anthu ku mapemphero pa mzikiti wa kuseri kwa tchalitchi. Aphunzitsi atangomva mawu awo anachita manyazi, poti chaka chapitacho iwo ndi amene anayenda khomo ndi khomo kusainitsa kalata yoti chimkuzamawu cha mzikitiwo chichotsedwe.

"Ndakuzindikirani, achimwene," anatero atelala akuseka. "Siginecha yanu inali pamwamba penipeni, yaikulu ngati ya nduna. Gonani mwamtendere, kuno anesi sandilola chimkuzamawu."

Nthawi ya mapemphero ikakwana, atelala ankaitana chapansipansi ali chigonere, ngakhale panalibe woti abwere. Ankati thupi linazolowera. Tsiku lachisanu masana, ali pa mawu aatali amene amakwera n'kutsetsereka pang'onopang'ono, chifuwa chinawatsamwitsa, mzere uja n'kuthera m'malere. Khutu la aphunzitsi silinkapirira nyimbo yosiyidwa panjira. Asanaganize n'komwe, anautola mzere uja pamene unadukira, "aaa", n'kuutsetseretsa mpaka pansi, mawu oyera ngati akale aja.

Onse awiri anayang'anizana.

"Mwaimbatu!" anatero atelala. "Tayesaninso. Koma ino ikhale yanu, yangayi ili ndi eni ake."

Aphunzitsi anayasama, koma sipanatuluke kanthu.

"Dikirani. Shopu yanga inayang'anana ndi mazenera a tchalitchi chanu. Lachinayi lililonse ndimasoka mukukalipira ana a anthu. Nyimbo ija munapeka nokha ija imayamba chonchi."

Atelala anayamba kuiimba chong'ung'udza, ndipo anaiphonya koopsa. Aphunzitsi anamenya matiresi ndi dzanja lamanzere, kupsa mtima kwa ntchito kutawabwerera, n'kuikonza nyimbo ija mokweza, mawu ake onse ali m'malo mwake: "Njira yaterera, Ambuye, musanditaye dzanja."

Anesi anabwera chothamanga, thireyi ya mankhwala ili m'manja. Odwala a m'mabedi ena anadzutsa mitu. Aphunzitsi anaimba ndime yonse misozi ikulowa m'makutu. Dokotala atabwera anafotokoza kuti kuimba ndi kulankhula zimadutsa njira zosiyana mu ubongo, ndipo njira imodzi ikatsekeka, inayo imatha kuthandiza.

"Ndiye aziimba," anatero atelala. "Ine ndiziwayambitsira."

Kuyambira tsiku limenelo aphunzitsi ankapempha madzi poimba, kudandaula za pilo poimba, ngakhale kukana jakisoni poimba. Akazi awo atafika madzulo ake, aphunzitsi anawalonjera ndi kanyimbo: "Mayi, mwaswera bwanji?" Mayiwo anakhala pansi pasimenti, chikwama chili pamiyendo, n'kulira mokweza osasamala za anthu.

Mwana wamkulu wa atelala, dalaivala wa basi, sizinamusangalatse. "Bambo, mwayamba nyimbo za kutchalitchi?"

"Mawu ake sindikuwatchula, mwanawe. Ndikungomukankha mnzanga ngati galimoto yofa batire. Ikalira, imapita kwawo."

Mawu atayamba kumasuka, mikangano nayo inayamba. Ankatsutsana za Yesu, za kusala kudya, za mmene munthu ayenera kugwadira, wina akulankhula, wina akuyankha moimba, mpaka anesi kuwaopseza kuti awasiyanitsa mabedi. Palibe anagonja. Koma tsiku lina aphunzitsi anafunsa chimene chinkawadya.

"Inu... simukwiya... ndi Mulungu?"

"Ndimakwiya," anayankha atelala. "Mkazi wanga atamwalira ndinakwiya chaka chathunthu. Kungoti ndinkapita kukamuuza yekha, kasanu pa tsiku. Inu mwakwiya n'kusiya kumulankhula. Nanga akuyankhani bwanji?"

Madzulo amenewo abusa atabwera, aphunzitsi sanatembenukire kukhoma. Anawagwira mkono kuti asayambe, n'kupemphera okha, mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, okokakoka, oyamba kuwanena kwa Mulungu chigwere. Abusa anangovomereza kuti ameni.

Aphunzitsi anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu ndi umodzi, ndipo patapita miyezi inayi anaimirira kutsogolo m'tchalitchi, ndodo kumanja, akuimbitsa ndi dzanja lamanzere. Anthu anadzaza mpaka m'makonde. Atelala anakana kulowa, koma anatsegula zitseko zonse za shopu, n'kukhala pakhomo mwendo uli pampando. Nyimbo itatha, m'tchalitchi munamveka nthungululu, ndipo kutsidya kwa msewu munthu mmodzi ankamenya ndodo yake pa chitseko cha malata mpaka agalu anauwa.

Lolemba m'mawa aphunzitsi anawoloka msewu uja okha, thalauza lili pamkono. Anaima pamaso pa makina osokera, anapuma mpweya wambiri, n'kulankhula osaimba ngakhale pang'ono.

"Achimwene, thalauza ili landikulira. Mundibwezereko m'chiuno."

Atelala anavula magalasi, anayang'anitsitsa aphunzitsiwo, kenako anakuwira anthu a m'mashopu oyandikana nawo kuti abwere adzamve okha.

"Nenaninso," anatero, akutenga tepi yoyezera. "Nenaninso mokweza, ena sanamve."