Galu wa a Abraham

Galu uja anayambanso kuuwa dzuwa lili paliwombo, nthawi imene mudzi wonse unali zii, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe. Damaris anadzuka pamkeka atagwira mimba yake ndi manja awiri. Mwana anali kugunda m'kati ngati nayenso wadzidzimuka.

"Choka! Tayani, choka!"

Koma aa, Tayani ankamva za munthu? Anali galu wa a Abraham, a nyumba yoyandikana ndi ya Damaris, galu wofiirira wodulidwa khutu limodzi. Kale anali waulesi, wongogona paphulusa. Misala imeneyi inamuyamba tsiku limene mwini wake anabwera kuchokera kumigodi. Masana alionse ankabwera kudzaima pakhomo pa Damaris ndi kuuwa mpaka mawu kusasa.

A Abraham anapita kumigodiko pamodzi ndi Meshack, mwamuna wa Damaris, atangomaliza kukolola. Anabwerako okha. "Mnzanga watsala, ntchito yamugwira," anatero maso ali kumbali. "Abwera mvula ikagwa."

Damaris anali ndi mantha, ndipo mantha ake sanali a galu ayi. Mimba yake yoyamba inapita padera. Iyi yachiwiri inali itafika mwezi wake, ndipo azamba anamuuza kuti azigona masana, mtima uzikhala m'malo. Nanga akanagona bwanji ndi phokoso lotere?

Anapita kwa Ennie, mkazi wa a Abraham, amene ankasenda mtedza pakhonde.

"Amayi a Gordon, galu wanuyu mwamudyetsa chiyani? Kapena akufuna andikwatire? Tsiku ndi tsiku pakhomo panga!"

Ennie anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'mano. "Ndi kutenthaku, mwana wanga. Timumanga manje manje."

"Munamumanga dzulo. Luzi anadya."

"Pita ukagone. Madzi uli nawo? Ndikutungira."

Chinanso chodabwitsa chinali chimenecho. Masiku amenewo mudzi wonse unasanduka wachifundo. Wina nkhuni, wina madzi, wina masau m'kambale. Ngakhale Doris, amene sanapatsepo munthu mchere chibadwire, anabwera ndi nsomba zouma. Damaris akafika kuchitsime, nkhani zinkaduka, amayi n'kuyamba kufunsana za mvula.

Tsiku lotsatira galu anabweranso. Kunja kunali ng'anjo, mitengo ya tsanya itaima yopanda tsamba, kopanda ngakhale kamphepo. Damaris mutu unkamuwawa, msana ukuwawa, ndipo mtima unamupsa. Anatenga munsi pamtondo. Lero lokha ndimuthyola msana, anatero mumtima, a Abraham akanene kumene akanene.

Anatuluka nautukula munsi uja. Galu sanathawe. Sanamuyang'ane n'komwe.

Apa m'pamene Damaris anaona chimene sanachionepo, poti masiku onse ankangokalipa ali m'nyumba. Tayani sankauwa iye, sankauwanso chitseko. Mutu anali atakweza, kuyang'ana m'mwamba pang'ono pambali pa khomo, pamene pamafika nkhope ya munthu wamtali ataima. Ndipo mchira ankagwedeza.

Pamalopo panalibe munthu. Panali dzuwa ndi fumbi basi.

Damaris anatsitsa munsi uja. Anakumbukira kuti m'mudzi monsemo munthu amene Tayani ankamugwedezera mchira chotero anali Meshack, amene ankamubwereka popita kosaka n'kumamuponyera matumbo a insa.

Galu anatembenuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, mutu uli chokweza, monga achitira galu potsata mbuye wake. Anadutsa pabwalo, nakaima pa nkhokwe yakale ya a Abraham kuseri kwa nyumba. Analira pang'ono, nabwerera pakhomo pa Damaris. Kenako anapitanso kunkhokwe. Uku ndi uku, ngati akuperekeza munthu wosowa polowera.

Damaris anaika munsi pansi namutsata.

Nkhokweyo inalibe chimanga. Anasuzumira pansi pa denga, naona mtolo womangidwa ndi luzi utapanikizidwa paudzu. Anaukoka. Munali jekete lakuda, ndipo pachigongono panali chigamba cha nsalu yamaluwa, chimene anasoka yekha ndi manja ake Meshack asananyamuke. M'thumba la jeketelo munali kachitini ka fodya. Anatsegula. Munalibe fodya. Munali dothi lofiira, dothi losakhala la kuno kuchigwa.

Sanafunse munthu. Mwana aliyense wa m'mudzi uno wa Kambombo ankadziwa kuti munthu akafera kutali, mnzake amatapa dothi la pamanda n'kubwera nalo, kuti womwalirayo afike kwawo.

"Mayo ine! Damaris, siya!"

Anali Ennie, akuthamanga chitenje chili m'manja. Pambuyo pake a Abraham anatuluka, naima chapatali atavula chipewa.

"Liti?" anafunsa Damaris. Mawu ake anali ouma.

A Abraham ndiwo anayankha. "Chifuwa chinamugwira, mlamu. Sanadwale nthawi yaitali. Ndinamuika ndi manja angawa."

"Ndiye mudzi wonse ukudziwa."

"Timadikira kuti uchire kaye," anatero Ennie, misozi ili mbwembwembwe. "Wapakati sauzidwa maliro, iwenso ukudziwa. Tinaopa kuti mwanayu angatsate mnzake uja. Sitinakuchitire nkhanza, mwana wanga."

Damaris anayang'ana galu. Anali atabwereranso pakhomo paja, akuuwa mopempha, mchira uli pukupuku.

"Nkhanza simunachitire ine," anatero Damaris. "Munthu wayenda ulendo wonse uja, wafika kwawo, inu n'kumusunga munkhokwe ngati mbewu. Masiku onsewa ali padzuwa, ine ndikumuthamangitsa pakhomo pake."

Ennie anafuna kumugwira mkono, poganiza kuti agwa kapena ayamba kubuma. Damaris anamukankha pang'ono. Anafungatira jekete lija pamwamba pa mimba nayenda yekha mpaka kwake, mapazi akupsa ndi mchenga.

Analowa m'nyumba, natunga madzi m'chikho, natuluka nawo. Anagwada pakhomo movutikira, monga ankachitira mwamuna wake akachokera kutali, naika chikhocho pansi. Kenako anatsegula chitseko chonse.

"Mwafika, a Meshack. Lowani, kunja kwatentha."

Galu anasiya kuuwa. Mutu wake unatembenuka pang'onopang'ono, kuchokera pambali pa khomo mpaka m'kati mwa nyumba. Anayang'ana mumdimamo kanthawi, kenako anazungulira, nagona pansi mutu uli pamiyendo.

Ennie anagwira pakamwa. A Abraham anayamba kunong'ona pemphero.

"Musaitane anthu," Damaris anawauza ali chigwadire. "Sindilira lero. Ndilira mwanayu akatuluka wamoyo. Bambo ake amudikira m'nyumba."

Anapachika jekete pamsomali kuseri kwa chitseko, kachitini anaika kumutu kwa mkeka, nagona chammbali monga anamuuzira azamba.

Tayani sanauwenso, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira. Masana alionse Damaris ankagona maso ali gwa, m'mudzi muli zii, akumvetsera ngati galu wa a Abraham angauweko kamodzi kokha.