Maliro a Bambo Kachingwe

1.
Wapha bambo anga, Limbani.
Ine? Dzina lawo m'mayeso ndinalemba ndine?
Ndiwe walumikiza mayeso ku manambala enieni a mpingo!
Ndaziona anamenya tebulo la Limbani, mnzake wa mu ofesi, mpaka tiyi anatayika. Pa kompyuta zonse zinali zobiriwira.

2.
Pulogalamu yolengeza maliroyo Ndaziona anaipanga yekha, mphatso kwa mpingo wake wa ku Chilomoni. Mkhristu akamwalira, mlembi amalemba dzina, uthenga n'kufika m'mafoni a onse. Ilibe seva yakeyake, kompyuta yoti izikhala maso usana ndi usiku. Imagona ngati akufa, imadzuka ikaitanidwa, ikatha ntchito imagonanso.

3.
Akasintha kanthu, mayeso amayenda okha pulogalamu isanapite kwa anthu. Zikalakwika, zofiira. Zikayenda, zobiriwira. Mayesowo amafuna wakufa wongopeka. Ena amalemba Uje Ujeni. Iye analemba Efraimu Kachingwe.

4.
Zimene Efraimu Kachingwe anasiya popita kwa mkazi wina ku Bangwe:
jekete la kwaya,
buku la nyimbo lopanda chikuto,
mkazi wodwala, amene ku maliro ake sanabwere,
Ndaziona.

5.
Choncho tsiku ndi tsiku bambo ake ankamwalira m'makinamo popanda wolira popanda bokosi popanda nyimbo, iye akuyang'ana zobiriwirazo ndi mtima wozizira, mawa n'kuwaphanso, mkuja n'kuwaphanso, Lamulungu n'kukaimba za chikhululukiro mokweza kuposa onse, Mulungu akuona

6.
Zobiriwira.

7.
Koma lero uthenga watuluka. Foni inalira. Anali mayi Nasibeko, wapampando wa amayi a Mvano.
Pepa, mwanawe. Tili kale mu minibasi, nkhuni zatsogola.
Amayi, sanamwalire ayi.
Limba mtima, mwanangu. Tonse timayamba ndi kukana.

8.
Tumiza wina wowongola, anatero Limbani. Batani limodzi basi.
Ayi. Ayambe aona manyazi.
Achemwali, ameneyo ndi kholo.
Kholo? Unalipo iwe pamene ndinkakwirira amayi ndekha?
Ndaziona anatola foni. Anakwera minibasi ya ku Bangwe.

9.
Pabwalo panali amayi ovala zoyera, nyimbo itadukira pakati. Mayi Nasibeko anamuloza ndi chala.
Maliro si masewera, iwe! Tasiya miphika pamoto, wina wasiya wodwala ku chipatala, tadzapeza malemu akusenda chinangwa!
Pakhonde panali bambo ake, nkhalamba yowonda, yokhayokha. Mkazi uja anachoka kalekale.

10.
Walemba ndani, mwanangu?
Ndine. Ndimakulembani tsiku lililonse.
Anayembekeza ukali. Ankaufuna, kuti wake upeze pogwira.
Nkhalambayo inangomuonetsa kafoni kong'aluka. Uthenga uja unalimo. Pamwamba pake panali ena onse, maliro aliwonse a mpingo chiyambire pulogalamuyo. Nambala yawo sanaichotse m'kaundula.
Ndimawerenga onse, anatero. Ndimadziwa kuti ndi ntchito ya manja ako. Anga ndinkati sikudzabwera munthu.
Chala cha Ndaziona chinali pa batani lowongola.
Usatumize kaye, inatero nkhalambayo. Ayambe amaliza nyimboyo.

11.
Mayi Nasibeko anatsonya. Kenako anakweza mawu, ndime yachiwiri, akadali okwiya.
Ndaziona sanaimbe.
Sanachokenso.