Miyala Yopanda Kwawo

Apongozi anga, bambo Sebastiano, amatola miyala. Si yomangira nyumba kapena yonolera mpeni ayi. Ndi ija imene kalekale inali mitengo kapena masamba, nkukwiririka pansi mpaka kuuma kukhala mwala. Anayamba ali kapitawo wa misewu, ndipo pamene ine ndinkabwera kuchitengwa kuno kwa Katunga anali nayo yoposa zana, m'makatoni a sopo, m'kachipinda kakuseri. Katoni iliyonse inali ndi dzina la malo, mwala uliwonse wokulungidwa m'pepala la nambala yake. Ine sindinkalowamo. Ndinali ndi mwana wanga Muriel kumsana ndi munda wa thonje, zimenezo zinkandikwana.

Mu Ogasiti 2012 mwamuna wanga Alick anawaperekeza ku Blantyre kukachotsa ng'ala ya m'diso. Tsiku lachiwiri, ndikusesa, ndinaona chiswe chitamanga njira pakhoma la kachipindako. Nditanyamula katoni imodzi, pansi pake panabooka, miyala nkukhuthukira pamapazi anga. Chiswe chikamaliza makatoni chimakwera kudenga, ndipo denga ndi la tonse. Ndinatulutsa zonse pabwalo. Makatoni ndi mapepala odyekawo ndinatentha, miyala ndinatsuka m'beseni.

Kenako manja anachita zimene anazolowera. Thonje sitipita nalo kumsika tisanasankhe: loyera payokha, lothimbirira payokha. Ndiye yosalala ndi yokongola ndinaika m'thumba loyamba, yobenthuka m'lachiwiri, tizidutswa m'lachitatu. Matumbawo ndinasanja pa njerwa, ndipo kunena zoona ndinkayembekezera kuyamikidwa.

Anabwera Loweruka, diso limodzi lili m'bandeji. Ndinagwada chapatali nkufotokoza zonse. Anapempha kuti awafikitse pamatumbapo, anapisa dzanja, kenako anafunsa za mapepala. Ndinawauza kuti ndinatentha. Alick anayamba kundikalipira koma iwo anamuletsa.

"Amake Muriel, kusankha mwasankha bwino, giredi wani ndi wani ndithu," anatero. "Koma mwala uwu unachokera kuti? Nanga uwu?"

Anandiuza modekha kuti kukongola kwa mwala si nkhani. Chofunika ndi malo amene unapezeka, khwawa lake ndi dothi lake, chifukwa ndi zimene zimauza munthu kuti pamalopo pankamera chiyani. Zaka makumi awiri za kuyenda kwawo ndinali nditazisakaniza m'matumba atatu a fetereza.

Mwayi unali woti kope lawo linali m'sutikesi, chiswe sichinalipeze. Munali nambala iliyonse, malo ake ndi maonekedwe a mwalawo. Koma dokotala anali atawaletsa kuwerenga. Ine sukulu ndinalekeza sitandade eyiti, koma kuwerenga ndimatha, ndiye ndinawauza kuti tiyambe Lolemba ndikachokera kumunda.

Mkamwana ndi apongozi sakhala pamphasa imodzi, choncho tinkayala ziwiri pansi pa mtengo wa nimu, miyala nkumaikankha pa lichero. Ine ndinkawerenga: nambala 37, mtengo, wofiirira, utali ngati chala chapakati, mng'alu mbali imodzi. Iwo ankapapasa umodziumodzi mpaka zala zitauzindikira. Ukapezeka, ndinkalemba nambala pamwala penipeni ndi penti yotsala ya zitseko ndi kamtengo ka machesi. Za mapepala ndinakana. Magdalena, mnansi wathu, akamadutsa popita kumjigo ankafunsa ngati nyemba zathuzo zipsa chaka chino. Apongozi ankamuyankha kuti abwere ndi mano a chitsulo, timupatsako.

Patatha milungu itatu inatsala khumi ndi iwiri. Khumi inali tizidutswa tofanana, ndipo iwo eni anati tiike m'chitini, tilembe kuti malo osadziwika. Iwiri inayo ndi imene inawasowetsa mtendere, chifukwa ndi imene ankaikonda kuposa yonse. Uliwonse unali ndi tsamba lalitali ngati lilime la ng'ombe, mitsempha yake ikuoneka bwinobwino. M'kope, nambala 58 ndi 91 zinalembedwa mofanana, kusiyana malo okha: 58 wa kukhwawa lina kumtunda kwa Chapananga, 91 wa cha ku Mwabvi ku Nsanje. Bandeji itachotsedwa anaiyang'ana masiku awiri koma sanakumbukire.

Ndinawauza kuti tingolemba, palibe angadziwe.

"Ineyo ndidziwa," anatero. "Komanso bodza la penti limakhalitsa, amake Muriel."

Apa ndinakumbukira tsiku lotsuka lija. Umodzi mwa iwiriyo unadetsa madzi ngati phulusa, winawo unasiya timchenga tachikasu pansi pa beseni. Ndiye kuti sinatuluke m'nthaka imodzi. Ndinati wina apite kumalo apafupiwo, ku Chapananga, akaone mtundu wa mwala wakumeneko, mvula isanadzaze makhwawa. Iwo sakanatha, dzuwa ndi fumbi la Okutobala dokotala anawaletsa. Alick anali pa shifiti kuminda ya nzimbe, ndipo anati sangapemphe tchuthi chifukwa cha miyala, anzake angamuseke mpaka Khirisimasi. Wosakaniza ndinali ine, ndiye ndinapita ine.

Muriel ndinamusiya kwa Magdalena. Miyala iwiri ija ndinamanga pachitenje, malangizo a m'kope ndinakopera padzanja: kutsika pa kalavati yachitatu, kulowa m'khwawa, kuyenda chokwera mpaka pa mlambe wobooka. Ndinakwera matola, kenako njinga ya kabaza. Wakabazayo atamva chimene ndikufuna anandifunsa ngati ndi golide. Nditamuonetsa, anandibwezera msangamsanga nkunena kuti za mankhwala iye salowerera.

Kalavati ndinaipeza, koma mlambe panalibe. Mayi wina amene ankafukula madzi mumchenga anandiuza kuti unagwa kalekale, nandilozera dzenje lake. Kuseri kwa dzenjelo kunali gombe lalitali kundiposa, miyala yake yosanjikizana ngati mabuku. Ndinathira madzi pang'ono nkupukuta ndi chala. Chala chinada ngati phulusa. Ndinayesa malo anayi, ndikuyenda chokwera ndi chotsika, osapeza chikasu paliponse. Kenako ndinagumula chibenthu chimodzi kuti akadzionere okha, poti mawu a munthu amene anatentha mapepala si odalirika kwenikweni.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, miyendo yoyera ndi fumbi. Iwo anali pansi pa nimu, mphasa ziwiri zoyala kale. Ananyowetsa chibenthucho, ananyowetsanso iwiri ija, nkuiyandikizitsa ku diso latsopanolo. Wotuwa unali 58. Anati tsono winawo ndi 91, koma ndilembe m'kope kuti tinaudziwa pochotsera, osati pokaona. Ndinalemba momwemo.

"Takhuta, amake Muriel," anatero. Ndiko kuthokoza kwa Chisena, chimene amalankhula akakondwa kwenikweni.

Ndikutsuka kamtengo ka penti, iwo anatembenuza chibenthu chija nkuchimenya pang'ono ndi msana wa mpeni. Chinagawika pawiri, ndipo m'kati munali theka la tsamba, laling'ono kuposa enawo. Sanadabwe. Anangofunsa kuti ndinagumula pati penipeni. Ndinati mapazi makumi awiri kuchokera padzenje la mlambe, kudzanja lamanja pokwera, pofika m'chiuno mwangamu. Anafunsa ngati ndikutsimikiza za mapaziwo. Ndinati ndinawerenga kawiri, popita ndi pobwera.

Anakankhira kope pa lichero nkunena kuti ndilembe nambala 124, malo, tsiku, ndi dzina la wotola. Ndinafunsa kuti ndilembe amake Muriel kapena bwanji. Anati dzina langa lenileni. Ndinalemba Juliana Symon, mofulumira ndithu, chifukwa mbuzi zinali zisanalowe m'khola ndipo Muriel anali akulira kwa Magdalena.