Kuyesa Khadi ndi Simbi

Nyumba imene timachita lendi ku Semarang ili ndi mawati 900, osaposa ngakhale limodzi. Ukayatsa simbi poto wamagetsi akuphika mpunga, kaswichi ka pamita kamagwa, nyumba yonse zii. N'chifukwa chake kwathu sitiyatsa chinthu mwakachetechete. Ine ndine telala, ndipo ndikafuna kusita malaya amene ndasoka ndimayamba ndalengeza kuti "simbi", mkazi wanga Tuminah n'kuyankha ali kukhitchini kuti "dikirani, mpunga". Takhala choncho zaka 26 ndipo sindinaonepo chovuta.

Chovuta chinabwera ndi Ratri, mwana wathu mmodzi yekhayo. Ntchito yake ndi yojambula pa kompyuta nyumba zimene sizinamangidwe, kuti eni ndalama aone khonde lawo ndi mitengo yake maziko asanakumbidwe. Amagwirira m'chipinda chake, chitseko chili chotsekula, ndipo ine ndikamapalasa makina ndimamuona msana. Sindinamuuzepo, koma msana umenewo ndi umene umandipatsa mphamvu ya ntchito.

Tsiku lina tikudya mpunga ndi tempe, ndiwo yathu ya soya, anati, "Ababa, khadi la zithunzi la m'kompyuta yanga lakalamba. Memore yachepa, nyumba zikuluzikulu sizikukwanamo. Latsopano likutuluka Januwale."

"Gula, mwanawe. Ndalama ndi zako."

"Kugula si nkhani. Akuti lizidya mawati 450 lokhalokha, osawerengera kompyutayo. Nyumba ino singathe. Abwana akuti zikavuta ndisamukire ku Jakarta, ndizikagwirira ku ofesi."

Ndinasiya kudya. Jakarta ndi ulendo wa maola asanu ndi limodzi pa sitima, ndipo ana a anzanga amene anapitako amabwera kamodzi pachaka, atanenepa, akuyang'ana wotchi.

M'mawa mwake ndinapita kwa mwini nyumba, Haji Mukri, kukapempha kuti tionjezere magetsi. Anandilandira ndi khofi ndi mawu okoma, kenako anakana. Anati mawaya a m'nyumbamo ndi akale kuposa ukwati wake, ndipo kuwasintha n'kugumula makoma. Ndinamwa khofi wake yense dala, mpaka nsenga.

Ndinadutsira kwa Gunadi, wogulitsa makompyuta pafupi ndi msika, munthu amene pakamwa pake sipakhala phee.

"Achimwene, 450 imeneyi wanena ndani?" ndinamufunsa.

"Kampani sinanene kanthu, bambo telala. Pali munthu wina pa intaneti, nkhope yake sitiidziwa, pachithunzi anaikapo bakha. Ndi amene amatulutsa zinsinsi."

"Ndiye mwana wanga andichokere chifukwa cha bakha?"

"Musamunyoze. Chaka chatha analondola kawiri."

"Analakwa kangati?"

"Kanayi. Koma kulondolako kunali koopsa."

Telala sadula nsalu asanayeze, ndipo ine sindikanalola kutaya mwana popanda kuyeza. Ndinaganiza kuti magetsi sadziwa kusiyanitsa khadi ndi simbi, amangodziwa chimene chikudya. Simbi yanga imadya mawati 350. Ndinaiimika pampando pakhomo pa chipinda cha Ratri, n'kulumikizapo babu lakale la mawati 100. Ziwirizi pamodzi ndizo zinakhala khadi langa. Ndinauza Ratri kuti ayatse kompyuta yake igwire ntchito yopepuka, firiji ikulira, fani ikuzungulira, kenako ndinayatsa khadilo. Tonse atatu tinayang'ana kumita. Kaswichi kanakhala pomwepo.

"Mwaona? Nyumba ino ndi mwamuna," ndinatero.

"Ndiye mpunga tiziphika liti, bambo a Ratri?" anafunsa Tuminah.

"Khadi likamapuma."

Ratri anaseka mpaka anagwira chitseko. Ndinagona bwino mlungu umenewo.

Koma bakha uja sanagone. Lolemba lotsatira Gunadi anandiimbira foni kuti 450 ija inali ya khadi loyesera, lenileni ndi 520, ndipo memore yake ndi magiga 32. Ndinamufunsa ngati magigawo amadyanso magetsi. Anati amadya, koma pang'ono, ngati mlendo wamanyazi. Ndinaonjezera babu lachiwiri pampando. Kaswichi kanapirira mpaka firiji itadzuka, kenako kanagwa.

Apa ndi pamene ndinasanduka katswiri. Ine amene sindidziwa kutumiza chithunzi pa foni ndinayamba kukangana ndi Gunadi ndi makasitomala ake za mafani atatu kapena anayi, za chingwe chatsopano cha magetsi chimene ena amati chizitentha, za fakitale ina imene akuti inajambulidwa bokosi lake mobisa. Chithunzi cha bokosicho ndinachiyang'ana ndi magalasi anga osokera. Chinali cha mbuu, ndipo chikanatha kukhala bokosi la nsapato.

"Ine ndikuti 500," ndinauza Gunadi. "Kampani yanzeru singapange chinthu chodya kuposa simbi ndi theka."

"Kampaniyo sidziwa kuti kuli nyumba za 900, bambo telala. Kwawoko galu amagona m'chipinda choziziritsa."

Kunyumba ndinayamba kudula. Ndinasintha mababu onse. Ndinachotsa wailesi yakanema pakhoma, ndinati maso a Tuminah apume. Poto wa mpunga ndinamukweza pamwamba pa kabati, tinabwerera kuphika pa gasi, ndipo masiku atatu oyamba tinadya mpunga wopserera chifukwa dzanja linali litaiwala. Popeza simbi yamagetsi tsopano inali khadi, ndinafukula simbi ya makala ya malemu bambo anga. Kasitomala wina anandifunsa chifukwa chimene malaya ake a ukwati ankanunkhira ngati nyama yowotcha. Ndinamuuza kuti ndi fungo la ulemu.

Mu Disembala Gunadi anabwera yekha pa njinga yamoto, chizindikiro chakuti nkhani si yabwino.

"600," anatero asanavule chisoti. "Ndipo bakha sali yekha. Awiri ena agwirizana naye."

Mababu anali atandithera. Ndinakabwereka simbi kwa mayi Darsih a nyumba yoyandikana nafe, ndinaiimika pambali pa yanga. Simbi ziwiri pampando umodzi, zikutentha mpweya, zosasita kanthu. Mayi Darsih anabwera kudzaonerera ndi mlongo wawo. Ndinazimitsa fani, ndinazimitsa firiji, ndinauza aliyense kuti asapume mwamphamvu. Ratri anayatsa kompyuta. Kaswichi kanagwa ndisanamalize kutembenuka.

Ndinakakweza, ndinayesanso. Kanagwanso. Kachitatu Ratri sanaseke. Anazula zingwe za simbi zonse ziwiri n'kulowa m'chipinda chake.

Tuminah anandipeza kuseri ndikukupiza makala. "Bambo a Ratri, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mufuna tizikhala mumdima kuti kompyuta idye?"

"Ndingakhale mumdima."

"Inu mungathe. Nanga iyeyo mukuganiza kuti akusangalala kuona bambo ake akununkha utsi chifukwa cha iye?"

Ndinakwiya chifukwa ankanena zoona. Ndinakabweza simbi ya mayi Darsih, ndipo kwa Gunadi sindinapitekonso. Ndinayamba kusoka mwakachetechete malaya awiri a ku ofesi, a msinkhu wa Ratri, n'kumawabisa pansi pa nsalu za makasitomala. Mtima unkandipweteka, koma mizere inatuluka yowongoka.

Tsiku lolengeza linafika mu Januwale. Kwawo kwa kampaniyo kunali madzulo, kwathu inali nthawi ya tiyi wam'mawa. Ratri anatiitana tonse m'chipinda chake. Pagalasi la kompyuta yake, munthu wina wa kampaniyo anayenda uku ndi uku pansanja akulankhula Chingerezi kwa ola lathunthu, kenako ananyamula chinthu chachikulu ngati njerwa. Nambala inaoneka pansi pake ndipo sinafune womasulira: 600.

"Bakha walondola," ndinatero, ndikudzuka. "Sitima ya m'mawa ndi yabwino, siidzaza."

"Khalani pansi, ababa. Sanamalize."

Munthu uja ananyamulanso lina, laling'onoko. Ratri anasendera pafupi, chala chili pagalasi, milomo ikuyenda. Kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Magiga 24. Amayi, mwaona? Ankati aikamo 16, ena ankati 24. Miyezi itatu ndakhala ndikudikira nambala imeneyi."

"Limenelo ndi liti?" ndinafunsa.

"Mng'ono wake. Limadya 300 basi. Pa 16 nyumba zanga sizikanakwanamo, koma pa 24 zikwana."

"Ndiye bwanji sunandiuze kuti kuli mng'ono wake?"

"Ndikanakuuzani mphekesera, n'kudzapezeka yabodza? Mukanabwereka simbi za mzinda wonse." Anazimitsa mawu a munthu uja. "Koma ndi lochedwa. Chithunzi chimene lalikululo lingamalize pa ola limodzi, ili lizitenga awiri ndi theka. Abwana ndinawauza kale. Sanakondwe, ndipo ntchito zazikulu kwambiri azipatsa ena."

Pamenepo ndinachita manyazi. Ndikudziwa tanthauzo la kuona ntchito yabwino ikupita kwa telala wina.

"Mwanawe, usadzichepetse chifukwa cha nkhalamba ziwiri. Ngati Jakarta ukuifuna, pita. Ndakusokera ndi malaya omwe."

"Ndawaona, ndinawayesa Lachinayi muli ku msika. Akundithina m'khwapa." Anandiyang'ana, osaseka. "Jakarta ndidzapita tsiku limene ndidzaifune ine, osati tsiku limene kaswichi kadzandithamangitse. Pano sindinaifune."

Ndinasangalala kwambiri moti ndinasowa poika manja. Ndinafuna kunena mawu akulu oyenera bambo, koma pakamwa panatuluka funso la telala.

"Nanga ola ndi theka lotsalalo uzitani?"

"Ndizituluka, ndizikhala apo pa benchi yanu. Mundiphunzitse kuika kolala, mwakhala mukulonjeza kuyambira ndili kusekondale."

Tuminah anati chiphunzitso chimenecho sichidzatha mlungu tisanayambane. Ndinapita kukachotsa nsalu pa benchipo kuti pakhale malo a anthu awiri.